Bulangete Lopsa ndi Simbi

Msasa wa ana a mpingo chaka chimenecho unachitikira pa sukulu ya pakati pa esiteti, pamene ukaima pakhomo la kalasi umangoona tiyi mpaka kumapiri. Ana anali oposa makumi asanu ndi limodzi. Atsikana ankagona m'makalasi akumtunda, anyamata akumunsi, ndipo pakati pawo panali a Fackson ndi wezulo wawo.

A Fackson anali mkulu wa mpingo. Anagwira ukapitawo m'minda ya tiyi zaka makumi awiri, ndiye anazolowera kuti akaimba wezulo anthu aziimirira. Malamulo a msasa analemba okha. Mafoni onse, a aphunzitsi omwe, ankatsekeredwa m'bokosi lachitsulo. Mphunzitsi wamwamuna ndi wamkazi asapezeke awiriwiri popanda ana. Mwana wokodza pogona abwezedwe kwawo tsiku lomwelo, chifukwa matiresi anali obwereka.

Kwa Tisungane, yemwe ankayang'anira atsikana, panali lamulo lina lapadera. A Fackson anali malume ake, ndipo ndiwo anamulera chimwalirireni mayi ake. Asananyamuke kunyumba anamuuza maso ndi maso:

"Mnyamata wakoyo ndikamuonera kumsasa. Akayenda bwino sabata yonseyi, Loweruka ndilandira ankhoswe ake. Akangopunthwa, usadzanditchulirenso dzina lake."

Tisungane sanade nkhawa. Caleb wake, kalaliki wa pa sikelo ya tiyi, anali munthu woti akatola batani pamsewu amayamba wafunsa mwini wake. Apunthwa pa chiyani?

Lachiwiri m'mawa, akugawira ana phala, Mildred anamuyandikira. Mildred ndiye ankasunga bokosi la mankhwala, ndipo mpingo wonse unkadziwa kuti anatha zaka zitatu akuimba moyandikana ndi Caleb mu kwaya, akudikira mawu omufunsira amene mapeto ake anakagwera kwa wina.

"Asisi, kodi a Caleb anu aja amachita majowajowa m'mawa?"

"Bwanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Dzulo ndi lero ndawaona akulowa m'tiyi wezulo asanalire. Kungoti wothamanga sanyamula bulangete."

Tisungane anathira phala m'kapu ya mwana mpaka linasefukira.

"Mwina amakapemphera."

"Mwinadi," anatero Mildred akunyambita supuni. "Kukuzizira masiku ano. Pemphero lake lofunika kufunda."

*

Popeza mafoni anali m'bokosi, awiriwa ankatumizirana mawu kudzera m'buku la nyimbo. Tisungane ankatsogolera nyimbo masana, Caleb madzulo, ndipo buku linali limodzi. Masana amenewo Tisungane anasiyamo kapepala: "M'mawa umapita kuti ndi bulangete?"

Yankho analipeza madzulo: "Ndidzakuuza msasa ukatha. Undikhulupirire. Wadya?"

Wadya! Munthu mtima uli m'mwamba, iye akufunsa za nyemba. Tisungane anakwinya kapepalako n'kukaponya pamoto wa kukhitchini.

Lachitatu masana ana ankayeserera sewero la chingalawa cha Nowa. Bwalo lonse linali mikango, abakha ndi njovu za makutu a makatoni. Phokoso lake linali labwino, chifukwa munthu ukanatha kukalipira bwenzi lako popanda kuswa lamulo la a Fackson.

"M'mawa uja thalauza yako inanyowa mpaka m'mawondo," anatero Tisungane maso ali kwa abakha.

"Ndi mame."

"Ndikudziwa kuti ndi mame. Koma mame a pabwalo la sukulu safika m'mawondo. Ndiponso ukununkha utsi, pamene kukhitchini sufikako."

"Tisu, ndinalonjeza munthu."

"Munthu wake wamwamuna kapena wamkazi?"

 Caleb anawerama n'kuyamba kumanga khutu la kanjovu kena kowonda, kamnyamata ka zaka zisanu ndi zinayi dzina lake Philip, kamene kankamutsatira paliponse. Anamanga khutulo kawiri konse ngakhale silinamasuke.

"Ndakufunsa, Caleb."

"Ndikakuyankha ufunsanso lina."

"Ndiye kuti ndi wamkazi."

"Ankolo, mukundifinya," anadandaula Philip.

Tisungane anachoka n'kukaima kwa mikango. Mtima unamupweteka kwambiri, makamaka chifukwa Caleb sanayese n'komwe kunama. Akananena kuti ndi wamwamuna, bwenzi atagona tulo.

*

Lachinayi anadzuka kukungoyera kumene. Anatenga zidebe ziwiri ngati akupita kumjigo, koma anakazisiya kuseri kwa chimbudzi, iye n'kubisala pa mtengo wa bulugama. Nkhungu ya chiperoni inali itaphimba tiyi yense.

Sanadikire nthawi yaitali. Chitseko cha kalasi ya anyamata chinatseguka pang'ono, Caleb n'kutuluka ndi bulangete lopindidwa m'khwapa. Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, kenako analowa kanjira ka pakati pa tiyi. Tisungane anamutsatira chapatali.

Pa kamlatho ka matabwa panali mayi wa duku lofiira, dengu lotcholera tiyi lili kumsana. Sanali wokalamba. Tisungane anayesetsa kuti amupezere kunyansa, koma sikunapezeke. Mayiyo analandira bulangete la Caleb n'kuliika m'dengu, kenako anatulutsamo lina n'kumupatsa. Anayankhulana motsitsa. Mayiyo anapukuta maso ndi nsonga ya duku, n'kugwira manja onse awiri a Caleb, ndipo Caleb sanawachotse.

"Ndiye mwalionatu pemphero lija?"

Tisungane anadzidzimuka. Mildred anali kumbuyo kwake, atafunda chitenje mpaka kumutu.

"Mukutani kuno?"

"Ndimafuna ndikuthandizeni kunyamula madzi. Ndapeza zidebe zokhazokha." Mildred anapukusa mutu ngati womva chisoni. "Koma amuna! Kumsasa wa Mulungu weniweni."

"Musauze munthu, Mildred. Ndithana naye ndekha."

"Ine? Pakamwa panga n'potseka, asisi."

Pakamwa panali potsekadi. Dzanja ndilo silinalonjeze kanthu.

*

Pamsasapo panali mwambo wa bokosi la zopempherera. Aliyense, mwana kapena mphunzitsi, ankaponyamo kapepala kopanda dzina, ndipo pa mapemphero a m'mawa a Fackson ankawerenga mokweza kuti onse apempherere. M'mawa umenewo anayamba ndi mbuzi ya wina yomwe inkadwala, kenako mwendo wa agogo a wina, kenako mayeso a Sitandade 8. Ana ankayankha "Ameni" mokoka, maso ali kukhitchini.

Kapepala kachinayi kanali kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

"Tipempherere mphunzitsi wina wamwamuna," anawerenga a Fackson, "amene m'mawa uliwonse amapita ndi bulangete m'tiyi kukakumana ndi mayi wa duku lofiira pa kamlatho..."

Anaima pomwepo. Koma zinali zitamveka. Aphunzitsi aamuna analipo atatu okha, ndipo m'modzi yekha ndiye anali ndi thalauza yonyowa mpaka m'mawondo. Ana aakulu anayamba kugundana zigongono.

Mlandu unakakambidwa mu ofesi ya ahedi. Munali a Fackson, akazi awo a Margret omwe ankayang'anira ophika, Tisungane ndi Caleb.

"N'zoona?" anafunsa a Fackson.

"N'zoona kuti ndimakumana nawo, abambo. Koma si zimene anthu akuganiza."

"Nanga n'ziti?"

"Sindinganene."

"Mwana wanga, nena," anachonderera a Margret. "Ngati ndi mchemwali wako kapena wodwala, tikumva. Taona mnzakoyu mmene akuliramu."

Caleb anayang'ana Tisungane, kenako anayang'ana a Fackson nthawi yaitali ndithu. A Fackson anatembenukira kalendala ya pakhoma.

"Mawa tikangotha mapemphero utenge chikwama chako uzipita," anatero. "Za Loweruka uiwale. Nkhani yatha."

Kunja, pakhonde, Tisungane anamugwira malaya osalabadira za lamulo.

"Ungotchula dzina lake, Caleb. Dzina lokha. Ukundisiya chifukwa cha lonjezo la kwa mkazi wina?"

"Sindikukusiya. Ndapempha kuti undikhulupirire masiku awiri okha."

"Ndinakuona ndi maso angawa atakugwira manja!"

"Unanditsatira?"

"Eya, ndinakutsatira. Ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti ndinatero."

Caleb anachotsa dzanja lake pa malaya mofatsa n'kupita kwa anyamata ake.

Tsiku lonselo Tisungane anaphunzitsa mavesi oloweza osamva zimene akunena. Koma chinthu chimodzi chinkamubwerera m'mutu. Malume ake anali munthu wofunsa chilichonse. Supuni ikasowa ankafuna dzina, mudzi ndi mfumu ya wotaya. Lero sanafunse kuti mayi wa duku lofiirayo ndani, ngakhale kamodzi.

*

Lachisanu m'mbandakucha a Fackson anakhazika mpando pakhomo la kalasi ya anyamata, kuti aone ngati Caleb atuluke. Tisungane anazungulira kuseri kwa khitchini n'kukafika yekha pa kamlatho.

Mayi uja anali pomwepo. Atamuona anabwerera m'mbuyo.

"Moseliwa," anapereka moni wa Chilomwe.

"Za moni zisiyeni. Ndine Tisungane, chibwenzi cha Caleb. Sabwera, amuthamangitsa chifukwa cha inu. Ndinu ndani?"

"Mayo ine!" Mayiyo anakhala pansi pa matabwa onyowa. "Ndine Fainess, mayi ake a Philip. Ankolo aja alibe mlandu, achemwali. Mwana wanga amakodza pogona."

Kenako Fainess anafotokoza zonse.

"Tsiku loyamba lomwe anawadzutsa akulira. Iwo anamuyalira pulasitiki pamatiresi, n'kutuma mlonda wa sukulu kudzandiuza kumalayini kwathu, kunyumba za antchito. Ndiye m'mawa amandibweretsera lonyowa, ine n'kuwapatsa louma. Ndimachapa ndikaweruka, ndiye ndi chiperonichi ndimachita kuyanika pamoto. Ndinawalumbiritsa ndine kuti asauze munthu. Mwana wanga kusukulu amamuimba kale nyimbo."

Utsi uja! Tisungane anamva manyazi kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Munthu ankanyamula mikodzo ya mwana wa eni m'khwapa, iye akumuyesa wachimasomaso.

"Nanga podziwa lamulo, munamutumiziranji kumsasa?"

 Fainess anatsitsa dengu n'kutulutsa bulangete louma.

"Kampatseni, chonde. Usiku wa lero ndi womaliza."

Linali bulangete lakale labuluu, la mizere yoyera m'mphepete. Tisungane atalilandira, chala chake chinakhudza pakona pamene panali pouma. Analitambasula. Panali chipsera cha simbi ya makala, chosongoka kutsogolo, chooneka bwinobwino.

Chipsera chimenecho anachipanga ndi iyeyo, ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Linali bulangete la azakhali ake a Margret, mphatso ya paukwati wawo. Chaka chotsatira linasowa pachingwe, ndipo a Fackson anamukwapula ndi lamba mpaka analephera kukhala pabenchi kusukulu, ati analisiya panja akuba n'kutenga.

"Bulangete ili munalitenga kuti?"

"Anandipatsa."

"Ndani?"

Fainess anayang'ana madzi a pansi pa mlatho.

"Abambo ake a Philip, tsiku limene ndinatuluka naye kuchipatala. Nthawi imeneyo ndinali m'gulu lawo lotchola tiyi, iwo ali kapitawo."

"Amalume?"

"Inu ndinu mwana wa mlongo wawo? Ambuye, ndakamba chiyani ine!" Fainess anagwira pakamwa. "Sindinafune kusokoneza banja la munthu, achemwali. Zaka zonsezi ndakhala chete. Koma mwana amafunsa. Ndinati apite akawaone sabata imodzi yokha, ngakhale patali, adye phala limene iwo adalitsa. Iye sadziwa kuti ndi iwowo. Ndiye taganizani, abambo ake enieni amuimike pamaso pa anzake n'kumuthamangitsa chifukwa cha mikodzo. N'chifukwa chake ndinawauza ankolo aja zonse, kuti amvetse."

"Amalume akudziwa kuti Philip ali pano?"

"Anandiona tsiku lolembetsa. Anayang'ana kumbali."

Kumtunda wezulo analira. Tisungane anapinda bulangetelo, chipsera mkati, n'kulibisa m'chitenje. Ankaganiza zolowa nalo mwakachetechete n'kukaliponya pawindo la anyamata. Za zimene achite pambuyo pake sankadziwa.

*

Anachedwa. Pamene ankatulukira m'tiyi, ana onse anali atafola kale pabwalo, ndipo njira yopita kukalasi ya anyamata inkadutsa pamaso pawo. Caleb anaima pambali ndi chikwama chake paphewa. Pansi pa chikwamacho panali ponyowa. Tisungane anamvetsa nthawi yomweyo: bulangete la usiku umenewo analiika m'chikwama mwake, pamodzi ndi malaya ake a kutchalitchi, kuti achoke nalo.

"Asisi, mwanenepa liti?" anafuula Mildred. Tisungane asanayankhe, Mildred anakoka nsonga yomwe inkasuzumira m'chitenje, bulangete lonse n'kugwa pansi. "Ndi limeneli! Limeneli ndinaliona dzulo, a Caleb akupereka kwa mayi uja. Lero atuma chibwenzi chawo chomwe!"

A Margret anabwera kuchokera kukhitchini akupukuta manja. Anawerama kuti alitole, koma anaima ali chiweramire. Analitembenuza pang'onopang'ono mpaka anapeza kona ija.

"Tisu," anatero motsitsa, "iwe ndiwe unaliwotcha. Tandiuza, si lomwe lija ili?"

"Amayi, mabulangete ofanana ndi ambiri," analowerera a Fackson. "Ana akudikira phala."

"Ndikufunsa mwanayu."

A Fackson anasendera pafupi ndi Tisungane ngati akufuna kutola chitenje chake.

"Ukumbukire amene anakulera," ananong'ona. "Ndipo nkhoswe wako ndine."

Tisungane anayang'ana Caleb. Caleb anapukusa mutu pang'ono, maso ake akuloza mzere wachiwiri, pamene Philip anaima ataweramitsa nkhope. Koma Tisungane ankaona chikwama chonyowa chija, ankamvanso lamba uja pamsana pake. Mkwiyo wa zaka zisanu ndi zinayi unamugwira.

"Ndi lomwelo, azakhali. Silinabedwe, ndipo Caleb alibe mkazi m'tiyi. Amangosinthitsa mabulangete a mwana wokodza pogona kuti asathamangitsidwe. Mmene linafikira kwa mayi ake a Philip, afunseni amalume."

Anazindikira atatha kale kulitchula dzinalo. Mitu makumi asanu ndi limodzi inatembenukira kumzere wachiwiri. Wina anaseka, wina n'kutsatira, kenako kamtsikana kena kanatsina mphuno. Philip anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulira kopanda mawu.

A Margret anayang'ana mwanayo nthawi yaitali: mphumi yake, makutu ake. Kenako anayang'ana amuna awo. Wezulo anali m'manja mwa a Fackson, koma sanakumbuke ntchito yake.

"Imbani wezuloyo ana akadye," anatero a Margret akupinda bulangete mosamala, kona ndi kona. "Caleb, tsitsa chikwama, supita kulikonse. Koma za Loweruka, Tisu, usandifunse. Nyumba yathu ya ku Masambanjati ili pa dothi la amayi anga. Sindikudziwa ngati nkhoswe wakoyu adzakhale ndi pakhonde polandirira alendo."

Anabwerera kukhitchini bulangete lili pachifuwa. Mildred anali atazemba kale kupita ku bokosi lake la mankhwala.

Tisungane anathamangira kwa Caleb, misozi ikutsika.

"Undikhululukire. Ndadziwa zonse. Wayera tsopano, Caleb, aliyense wamva!"

Caleb anatsitsa chikwama, koma osati chifukwa cha Tisungane. Anadutsa pakati pa ana osekawo n'kunyamula Philip, mwanayo n'kubisa nkhope m'khosi mwake. Pobwerera anaima pamaso pa Tisungane. Sanakweze mawu.

"Unatsala usiku umodzi wokha, Tisu. Ine ndinali wokonzeka kuchoka ndi manyazi onsewa kuti iyeyu akafike kwawo ali bwino. Amalume ako tikanawanyengerera chaka chamawa. Nanga uyu timunyengerera bwanji?"

"Ndimafuna kukupulumutsa."

"Ndinangopempha masiku awiri."

Anapita ndi mwanayo kuseri kwa makalasi, kumene anzake sakanamuona.

Masana Tisungane anatsegula buku la nyimbo. Anafufuza tsamba ndi tsamba, analigwedeza mozondotsa. Munalibe kapepala, ngakhale kofunsa ngati wadya.